Kuseri kwa Kabati

Lolemba, 3 Novembala

Sabata sinathe chichitikireni chivomerezi. Mzere wathu wonse nyumba zili pansi. Yatsala yathu yokha, ili chiimire ngati dzino limodzi mkamwa mwa nkhalamba. Ndiye aliyense ndi kuno. Amayi ndi ana pabalaza, abambo pakhonde. Kuchipinda kwathu kwadzaza mabulangete ndi ndowa zimene anthu akupereka. Kuti ndisinthe zovala ndikuchita kugogoda, m'nyumba yangayanga.

Komiti aikhazikitsa dzulo, pathebulo langa lodyera. Wapampando ndi Aphunzitsi, wosunga thumba Atelala. Cholinga: kusonkha ndalama, timange timanyumba ta matabwa ndi malata mvula isanayambe. Aphunzitsi akangoyankhula pang'ono, "Mutu umodzi susenza denga." Denga lake ndi langali, koma chabwino.

Wosangalala ndi Chiwala, mwana wanga. Akugona matiresi amodzi ndi mapasa a aneba, patsinde pa kabati ya mbale. Kuseka mpaka ndiwakalipire. Kwa iye ndi phwando.

Lachitatu, 5 Novembala

Ndimafuna kusesa magalasi a matambula osweka kuseri kwa kabati. Kukankha pang'ono chabe. Mng'alu! Kuyambira pansi mpaka kudenga, wokhotakhota. Ndabwezera kabati msangamsanga.

Kenako ndakumbukira. Kabati imeneyi sinkakhala pamenepo, inkakhala pafupi ndi windo. Anaisuntha ndi bambo a Chiwala m'mawa wa tsiku la chivomerezi lija, akuti anthu apeze pogona. Kunja kwa khoma lomwelo ayedzamitsako malata akale ndi zitseko zotola m'mabwinja. Ine kumati ndi chifundo.

Ndawaitanira kuseri kwa bafa. Akuti, "Ndi pulasitala chabe, mayi a Chiwala, khoma lenileni lili bwinobwino." Amayankhula maso ali pa nsapato zawo. Nyumbayi anamanga okha, njerwa iliyonse amaidziwa. Inenso ndimawadziwa akamanama.

Loweruka, 8 Novembala

Tsiku lalikulu lotolera ndalama. Anyamata kutsuka magalimoto kumsewu waukulu, amayi kugulitsa zovala zakale, ana kuthamanga ndi zitini zoboola pamwamba. Mapazi akuwawa, mawu atha.

Aphunzitsi abweretsa chikwangwani chachikulu. Chithunzi cha nyumba yathu ili njo pakati pa mabwinja, pansi pake zilembo zofiira: TITHANDIZENI KUMANGA ZOSAGWA NGATI IYI.

Madzulo komiti yalengeza: wotsogolera ntchito yomanga ndi bambo a Chiwala, ndipo azilandira kangachepe. Munthu wakhala zaka ziwiri wopanda ntchito, kudzuka n'kumasuntha mpando kutsatira mthunzi. Lero ameta ndevu, avala malaya oyera aja. Anyamata akuwaitana kuti Injiniya, iwo n'kumayankha. Mwini sitolo ya zomangira anabwera kudzaona yekha, anagogoda khoma lakumaso ndi kiyi wa galimoto. Akuti, "Ngati womanga ndi amene anamanga iyi, malata onse ndipereka ine." Nthungululu.

Ndinkapempherera ntchito imeneyi mpaka mawondo kuchita zikang'a. Walira mvula walira matope.

Lamulungu, 9 Novembala

Masana nthaka yagwedezekanso, pang'ono. Mbale kugundana m'kabati. Onse chothawa kunja, kenako kubwerera akuseka, akusisita makoma ngati ng'ombe yawo. Ine ndathamangira tsache. Dothi latsopano pansi pa kabati, pafupi ndi pilo wa ana. Ndasesa asanaone.

Lachitatu lija chala sichinkalowa mumng'alu muja. Lero chalowa.

Amayi a mapasa. Amuna awo ali kuchipatala, mwendo unaphwanyidwa ndi khoma lawo. Katundu yense anakwiririka, anatuluka ndi ana awiriwo basi. Sakhala pansi mayi amenewa. Kutsuka mapoto anga, kuchapa, lero amuluka Chiwala tsitsi. Akuti, "Achemwali, pakanapanda inu, ana angawa ndikanalowera nawo kuti?" Ndangoti zikomo. Mwina akanakhala aulesi kapena amiseche zikanandipepukira.

Lachinayi, 13 Novembala

Ndayesa. Mulungu ndi mboni, ndayesa. Ndauza Aphunzitsi kuti pabalaza pathina, bwanji ana azigona mu tenti ija tinalandira. Aseka. Akuti, "Mayi, nyumba yolimba ili apa, ana tikawaike m'nsalu?" Atelala akuti mwina ndatopa ndi alendo, ndingonena. Manyazi.

Ndati ndisunthe matiresi. Ndiwaike pati? Paliponse pali munthu. Ukatambasula mwendo waponda khanda.

Ndalankhulanso ndi bambo a Chiwala. Ulendo uno za pulasitala sanatchule. Akuti, "Mukatsegula pakamwa, mwini sitolo abweza malata, anthu abweza manja. Ndiye onsewa mvula iwapeze pamtetete? Ndipatseni sabata ziwiri, ndimalize timanyumba, atuluke. Khomalo ndiligwetsa ndekha." Choipa n'chakuti sakunama. Ndikalankhula ndagwetsa thumba, ndagwetsa mwamuna wanga, ndatulutsa makanda panja. Ndikapanda kulankhula, mutu ukukana kuganiza.

Ndawafunsa kuti bwanji inu simugona mkati, pakhomo lolowera pali malo. Akuti kukutentha.

Lachisanu, 14 Novembala

Mvula yoyamba. Yachimvano, yopanda chisoni. Abambo onse alowa mkati, anthu mpaka m'khola la makala. Mpweya kusowa. Fungo la zovala zonyowa ndi matewera.

Madzi kutuluka pansi pa kabati, kakamtsinje kolunjika pa matiresi a ana. Ndati ndataya ndowa ndine. Amayi a mapasa andilanda chikolopa, akuti ndipume.

Bambo a Chiwala akhala pampando pafupi ndi chitseko, nsapato kuphazi, maso kudenga. Sitinayang'anane. Ndikuwakonda, ndipo lero ndadana nawo. Zonse pamodzi.

Lachiwiri, 18 Novembala

Masiku apitawa sindinalembe. Dzanja limakana.

Matabwa akwera mtengo. Thumba lapepuka, anthu opereka atopa, zitini zikubwera zikulira ndalama zachitsulo zokhazokha. Timanyumba tatha titatu basi. Sabata ziwiri zija tsopano akuti mwezi. Aphunzitsi akukonza zoti tikaimbe kutsogolo kwa mabanki, chikwangwani patsogolo. Akuti ndinyamule ine, mwini nyumba.

Kanyumba kachitatu komiti inapatsa amayi a mapasa. Mtima wanga unachita kudumpha, ndinati Ambuye mwamva. Iwo akana! Akuti apatsidwe agogo ena a ndodo amene akugona m'galimoto yakufa. Akuti, "Ife tili pabwino, tidikira." Onse kuwaombera m'manja. Ndinawakokera pambali, ndati landirani, mwayi subwera kawiri. Andigwira dzanja, akuti, "Mukutithamangitsa kodi, achemwali?" Akuseka. Inenso ndinaseka.

Ndilembe basi. Loweruka ndinamuchotsa Chiwala pabalaza. Akugona ndi ine kukhitchini, pafupi ndi chitseko chakuseri. Ndinati ali ndi chimfine, angapatsire anzake. Analira mpaka kubanika, akufuna mapasa. Mwana alibe ndi chifuwa chomwe.

Mapasa tsopano akugona motakasuka. Mmodzi amakonda kutsamira kabati.

Lachitatu, 19 Novembala

M'mawa tikuyanika zovala, amayi a mapasa anditambasulira kabotolo ka mankhwala a chimfine. Agula ndi ndalama yoti akwerere basi kukaona amuna awo. Ndalandira. Dzanja silinafote.

Kenako, akukung'untha shati, osandiyang'ana: "Koma mwana uja sindinamumvepo akutsokomola." Ine kumangofinya chovala. "Ndipo pansi pa kabati paja mumasesapo kangati pa tsiku?" Ataya shati mu beseni, alowa m'nyumba.

Ndikulemba ndili kukhitchini. Kabati yalira pasimenti, mbale kugundana. Amakankha okha. Kenako chete. Pakhonde komiti ili pamsonkhano, bambo a Chiwala akufotokoza za misomali, wina akuseka.

Amayi a mapasa abwera. Aima pakhomo la khitchini, mwana kudzanja ili, mwana kudzanja ilo. Sanakuwe, sanatukwane. Ndikanakonda akanandimenya. Angoti, "Wanu munamuchotsa Loweruka. Lero ndi Lachitatu."

Atembenuka. Akupita pakhonde. Aphunzitsi asiya kulankhula, mipando ikusuntha, wina akuitana bambo a Chiwala, ndipo ine