Tsiku Limene Ndinaboola Chitsime cha Mafuta

Corby
16 Juni 2018

Okondedwa achimwene a Ephraim,

Khalani kaye pansi, chifukwa amene akukulemberaniyu tsopano ndi katswiri wa mafuta. Paja mumandiseka kuti ku Mangalande kuno ndimangosenza makatoni. Lero manyazi akugwirani.

Mwana wanga Keturah anali pa pulobeshoni, akumuyesa kaye ntchito, pakampani ina ku Loughborough. Anapanga pulogalamu ya pakompyuta yomwe imamva zochitika pansi pa nthaka akamaboola chitsime cha mafuta. Gasi akafuna kuthawira mumlengalenga kapena kuipitsa madzi akumwa, iyo imatseka chitsime yokha. Koma mabwana ankaikayikira. Anati ikapanda kuwagwira mtima amutumiza ku ofesi ya ku Aberdeen, kutali pafupifupi ngati Nsanje ndi Chitipa, ine n'kutsala ndekha ndi ketulo.

Tsiku lachionetsero cha pulogalamuyo anaitana ndi makolo omwe. Bwana wake, a Munaf, anafunsa ngati pali wofuna kuyesa makina ophunzitsira kuboola, oti chitsime chake n'cha pakompyuta chabe. Ndinaimika dzanja: "Bwana, theka la zitsime za ku Kasungu ndinakumba ndine!"

Keturah anandikoka jekete. "Dadi, please, musandichititse manyazi."

Ndinati, "Mwanawe, dothi limandidziwa ndi dzina lomwe."

Anandiveka magalasi aakulu ngati a wowotcherera zitsulo, n'kundigwiritsa chiwongolero. Ndikuboola, ndikuboola, mwadzidzidzi ndinaona zamadzimadzi zikukwera m'paipi. Achimwene, kwathu mjigo ukatumphuka si amayi amaimba nthungululu? Ndinakuwa, "Atuluka!" n'kukankha chiwongolero mpaka kumapeto. Osadziwa kuti ku mafuta kutumphuka ndi maliro. Magetsi anangoti psuu, belu likulira ngati kwalowa mbava. Ndisanamalize n'kuvina komwe, pulogalamu ya Keturah inali itandilanda chiwongolero n'kutseka chitsime.

A Munaf anaseka mpaka kupukuta misozi. Anati, "Mainjiniya athu sangalakwitse mokondwa chonchi. Ngati yawaletsa bambo awa, iletsa aliyense."

Basi, Keturah sakupitanso ku Aberdeen. Iye akuti ndinatsala pang'ono kuphulitsa Mangalande yense, ine ndikuti ndinamupezera ntchito. Oweruza ndinu.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Mukapita kokalambula kumanda, mukawauze amake Keturah kuti mwana wawo akutseka zitsime za azungu ndi chala chimodzi, ndipo Lamlungu lililonse azibwerabe kudzadya ndi bambo ake.

Ndine mng'ono wanu, bwana wa mafuta,
Bonface