Dikoda Yatsopano ya Alamu Athu a ku Itawa

Northrise, Ndola

Okondedwa alongo anga a Fanwell,

Ndiyambe ndi moni, poti ndinaleredwa bwino ngakhale ena amakana. Muli bwanji ku Gaborone kumeneko? Alamu anga a Zipporah ali bwanji, nanga ana? Kuno tikupuma. Atate ku Bulangililo, ku Kitwe, shuga watsikako, amama miyendo ndi yomwe ija.

Musadabwe kuti ndalemba papepala. Uthenga wanga wa pafoni mumaumvetsera mukutsuka mano, n'kuyankha ndi kachithunzi ka chala choloza kumwamba. Nkhani iyi si ya kachala. Given, dalaivala wa thiraki uja, walonjeza kukupatsani kalatayi pamanja.

Ndi nkhani ya mlongo wanu Mwiza ndi mwamuna wake a Collins, katswiri wa sayansi wa ku Itawa konse, kuno ku Ndola.

Mvula itangotha, alamu athuwo anaona kuti dikoda yawo yakale sikuyenerananso ndi ulemu wawo. Anagula ya HD, yotha kujambula pulogalamu n'kuisunga kuti munthu adzaonere tsiku lina. Mmisiri anakwera padenga, anasintha diso la dishi, n'kuboola khoma kuti palowe chingwe chachiwiri. A Collins anali pansi, manja m'thumba, kumulangiza. Munthu woti babu likapsa amaitana mkazi wake.

Chifukwa chimene anapereka chinali chogwetsa misozi. Anati kampani yayamba kuwatuma ku Chingola Loweruka lililonse, ndiye poti akudzipereka chifukwa cha banja, mpira wokha asamaluze. Mwiza anawamvera chisoni. Ankadzuka m'mamawa kuwaphikira kandolo, mbatata ija, ndi kuwathirira tiyi mufulasiki. Iwo ankatchera dikoda kuti ijambule mpira wa fifitini awazi, 3 koloko masana, n'kunyamuka akuusa moyo ngati Yosefe popita ku Iguputo.

Lamulungu akamaonera zojambulazo, ankalosera. Amati pakona apa palowa chigoli, chigoli n'kulowadi. Amati uyu atulutsidwa, refa n'kutulutsadi khadi lofiira. Atate ataona zimenezi kamodzi, anabwerera ku Kitwe akuuza anthu kuti mkamwini wawo ali ndi mphatso. Ine ndi digiri yanga yonse ndinangoti munthuyu amaonera zigoli pafoni. Ndinamuyesa wochenjera kuposa mmene alili.

Ndiye linafika Lamulungu lija. Anatiitana tonse ku chakudya chamasana kuti tidzaone timu ya ku Kitwe ndi ya kuno ku Ndola, masewero a dzulo lake. Anayamba ndi ulaliki. Anauza atate kuti ba tata, lero muona ngakhale thukuta la golokipa, dontho ndi dontho. Anatiphunzitsa batani loimitsira, lobwezera m'mbuyo, loyendetsa pang'onopang'ono. Kenaka anandiponyera rimoti, amvekere inu a ku yunivesite, yeserani, mwina ichi mungachithe.

Mukudziwa maso a amama. Pa TV yakale ankati mpira ndi nyerere zothamangitsana. Tsikuli anakhala kutsogolo, akudabwa kuti anthuwo ali ndi nkhope.

Matimu atabwerako kopumula, kamera inasiya osewera n'kuyamba kuyendayenda mwa anthu oonerera. Alongo, bwalo lonse lija la ku Ndola, anthu piringupiringu, kamera inakasankha munthu wa ku Chingola. A Collins, chipewa cha timu kumutu, kukamwa yasa, mkazi wina akuwaponyera nshawa, mtedza uja, mkamwamo.

Amama ndiwo anayamba kulankhula. Anati taimitsa pamenepo, Jemimah. Ndinaimitsa, monga ndinaphunzitsidwira.

A Collins anaseka, amvekere awe mwandi, m'Zambia muno anthu ofanana ndi ambiri. Amama anati za mwamunayo sakudziwa, iwo akuyang'ana jekete la mkaziyo.

Ndi jekete lofiirira lija munamutumizira Mwiza chaka chatha. Linasowa pachingwe kuchiyambi kwa chisanu. A Collins okha ndiwo anapita kwa a Belinda oyandikana nawo nyumba kukawatcha akuba, ndipo Mwiza ndi a Belinda sanapatsanenso moni kuchokera tsikulo. Amama anaimirira ndi miyendo yawoyo, anafika pagalasi n'kuloza batani lachiwiri. Anati limeneli anasokerera ndi iwo ndi ulusi wobiriwira chifukwa wofiira unawathera. Ulusiwo unkaoneka, alongo. A Collins sananame pa chinthu chimodzi: HD imaonetsadi zonse.

Mwiza sanalire. Anabereka mwana wake Treasure, n'kukakwera basi ya ku Kitwe ndi makolo. Ine ndinazula zingwe n'kunyamula dikoda m'khwapa. Zojambulidwa mmenemo sizikopereka pafulashi, ndayesa ndalephera. Ukajambula galasilo ndi foni, a Collins amaoneka ngati wina aliyense, ndipo ndi mmene akufunira. Choncho bokosilo lili kwanga.

Tsopano imvani za ankhoswe, muone kumene tafika ngati mtundu.

Anakumana ku Itawa. Kwathu kunali atsibweni a Evaristo, kwawo a Israel, ndipo atate anakhala pambali ndi Baibulo pamwendo. Anandiuza kuti ndibweretse umboni. Nditalumikiza, ndinafuna kupita molunjika pamalo pake. A Israel anakweza dzanja, amvekere mwana wanga, mlandu sauyambira pakati, tiyambe pamene refa anaimba wezulo.

Anaonera mpira wonse. Amuna akuluakulu a imvi, oitanidwa kudzakonza banja la mwana wa eni. Pa penate ina anandiuza kuti ndibweze, ndibwezenso, ndiyendetse pang'onopang'ono. Atsibweni analumbira kuti mnyamatayo anadzigwetsa yekha, a Israel anati ngati maso akuwavuta akagule magalasi, mpaka atate anachita kuwaleretsa. Mwiza anali pamphasa pakona, mutu uli pansi, kudikira kuti wina akumbukire chimene anabwerera.

Titafika pa nshawa paja ndinaimitsa. Kenaka a Israel anatsokomola n'kunena kuti taona, pitirizani, pakubwera kona.

Chigamulo chake nachi. Mwamuna analakwa, apepese ndipo abweze jekete. Mkazi abwerere kunyumba kwake. Zojambulazo zifufutidwe, chifukwa wokhululuka sasunga umboni. A Israel anaonjezera kuti kale mabanja ankalimba poti kunalibe mabokosi osunga zinthu. Atsibweni anagwedeza mutu, n'kutembenukira kwa ine. Anati vuto lina ndi akazi ophunzira osakwatiwa, amene amagwira rimoti m'nyumba za anzawo.

Ndinadabwa kuti m'bale wa amama weniweni wafewa chonchi. Kudabwako kunatha nditadutsa kwawo ku Bulangililo. Padenga pali dishi, alongo. Pabalaza pali dikoda yakale ya a Collins, yoyalidwa kansalu koluka pamwamba. Mwana wa mlongo wawo anamusinthanitsa ndi bokosi loti ngakhale kujambula silijambula. Akanalandirako yatsopano, bwenzi ndikuti tili ndi mtengo.

Jekete linabweradi. A Collins analibweretsa mupulasitiki, losachapa, likununkhira mafuta a mwini wake watsopano. Anagwada pamaso pa atate mwaluso kwambiri, ndipo podzuka anafunsa ngati Jemimah angabweze dikoda msanga poti ligi ikupitirira.

Atate mukuwadziwa. Ndi mkulu wa mpingo, ndipo akuopa kuti anthu aziti kunyumba kwa mkulu kwabwerera mwana. Akuti ukwati ndi kupirira. Anzathu a Chibemba amati shipikisha, ndipo mawuwa ndawamva m'zilankhulo zonse ziwiri mpaka makutu kuwawa. Amama sakutsutsa poyera. Angobisa chikwama cha Mwiza kuseri kwa matumba a makala, basi mphamvu zawo zathera pomwepo.

Ine ndalankhula mpaka mawu kusasa, koma mwamva kale chimene ndili pamaso pawo.

Dzana ndinamupeza Mwiza akuchapa kuseri kwa nyumba ya makolo. Ndinamufunsa chimene iye mwini akufuna, poti palibe anamufunsa. Anati za mkaziyo mwina akanatha kuzimeza. Chimene chikumukanika ndi chakuti tsiku limene jekete linasowa, a Collins anamuthandiza kulifunafuna. Anasuntha bedi, anakhuthula madilowa, kenaka anamugwira paphewa n'kumuuza kuti aphunzire kusamala zinthu. Iye anapepesa. Anati sangagonenso m'nyumba imodzi ndi munthu amene anamuyang'ana m'maso akupepesa.

Koma anatinso sangakangane ndi atate. Akamuuza kuti nyamuka, anyamuka.

Apa ndiye ndasiya nthabwala, alongo. Kwathu mbumba ndi ya mlongo. Atsibweni agulidwa, ndiye mwatsala ndinu, ndipo atate mawu anu amawamva chifukwa ndinu mwamuna ndiponso muli kutali. Sindikuti muthetse ukwati wa munthu. Ndikuti muwaimbire atate, osati uthenga wolemba, muwauze ndi pakamwa panu kuti Mwiza akhale pakhomo mpaka iye mwini atanena kuti wakonzeka, ngakhale tsikulo lisadzafike. Mumuimbirenso iyeyo amve kuti ali ndi mlongo.

Agwirizana zomuperekeza ku Itawa Loweruka likubwerali. Mukakhala chete, ndidzamuperekeza ndine, ndidzamunyamulira chikwama mpaka pakhomo, chifukwa sindingalole kuti akalowe yekha. Ndikadzabwerako kumeneko, musadzandifunsenso kuti kwathu kuli bwanji.

Mundiperekere moni kwa alamu a Zipporah ndi ana onse. Amama akuti muzivala zofunda. Mulungu akusungeni, ndipo akupatseni netiweki.

Ndine mlongo wanu,
Jemimah