Mlomo wa Tadala

Lachiwiri, Novembala 2007. Tsiku loipa.

Ndabwera kuchokera ku ntchito, ndapeza mwana wanga Tadala ali pa sofa ndi buku la ku Japan. Pachikuto pali katuni, mnyamata ndi mtsikana a maso akuluakulu atagwirana manja. Ndamufunsa. Akuti ndi nkhani ya ana asukulu okondana, ya m'mabuku a zithunzi aja amati makomiki. Zaka khumi ndi ziwiri, wayamba kale zachibwenzi!

Ndamulanda bukulo, ndaling'amba pakati. Wandikalipira m'Chizungu, ine mbama phaa! Wagwera pa tebulo, mlomo wang'ambika, magazi pa yunifomu.

Akulira wati, "Adadi, andibwereka ndi aticha. Akulifuna mawa."

Kwathu bambo ankandikwapula, nkhani n'kuthera pomwepo. Kuno kunja aticha akaona mlomo umenewu aimbira a boma, ndipo ana amalandidwadi. Mayi ake sakudziwa, akadali pa shifiti ku chipatala ku Edmonton.

Buku ndalimata ndi selotepi. Mlomo ndiye sindingaumate. Ndagogoda katatu ku chipinda chake, wadzikhomera. Akatsegula sindikudziwa ndiyambire pati, kumupepesa, kapena kumupempha kuti mawa akanene kuti anagwa pa masitepe, kapena...