Ndinakumbatira akamwini m'boti

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Mphamba tilipo, kungoti manyazi akundisowetsa kolowera.

Mwana wathu Tamara waumirira kuti ukwati wake uchitikire m'boti pa damu la kuboma, anthu ochepa basi. Loweruka tinapita kukaliyesa. Mukudziwa kuti akamwini ndimawapatukira panjira, koma m'menemo tinakhala moyang'anizana, mawondo kugundana. Boti litapendekeka ndinakuwa, n'kuwakumbatira m'chiuno, amayi awo akuona! Iwo anangoti, "Pepani amama," maso ali m'madzi. Chichokereni kumeneko, ngakhale kutchalitchi sindinapondeko.

Chonde bwerani, ndinu ankhoswe, mudzakhale pakati pa ine ndi iwowo. Mukalephera, nthungululu za mwana wanga ndidzaimbira kumtunda.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esnati