Mayina Athu M'phiko la Ndege

Malton, Ontario
Juni 1959

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino kumeneko ku Glace Bay. Nanga chifuwa cha bambo chija chinaleka, kapena akulowabe mumgodi uku akutsokomola? Kuno ana ali bwino, koma ine mtima ukuwirabe.

Ndamva kuti kalata yanga ija inakulizani, ija ndinati mundikonzere chipinda, ndikubwera ndi ana, bambo awo ndiwasiya konkuno. Pepani. Lekani ndikufotokozereni mutu wake.

Paja ine ndi amuna anga a Lauchie tinadziwanira pa phiko la ndege. Kukhoma misomali ya ndege ndi ntchito ya anthu awiri: wina kunja ndi makina okhomera, wina mkati kutsamiritsa chitsulo kuti msomali ugwire. Simuonana, ndipo phokoso lake simungamvane, ndiye wamkatiyo amangogogoda. Akagogoda kamodzi ndiye kuti yesanso, akagogoda kawiri ndiye kuti zakhala bwino. Phiko likatha, tisanalitseke, awirinu mumalemba mayina anu mkati ndi pensulo. Akapitawo ankangoyang'ana kumbali.

Ndege za Canuck zonse zija zinadutsa m'manja mwathu, kupatula zoyambirira zakuda zija, zimene ndinangozionera patali. Tinayamba ndi mtundu wa Mark 3, ya mfuti kumimba. Kenako Mark 4, yachimphuno chachikulu, yonyamula maroketi kunsonga za mapiko. Pa Mark 5 anachotsa mfuti n'kutalikitsa mapiko, mpaka a ku Belgium anabwera kudzagula. Ana anga ndimawerengera zaka zawo ndi ndege zimenezi: Murdena ndi wa Mark 4, Hector wa Mark 5. Bambo ake amamuseka kuti n'chifukwa chake mikono yake imafika pa shuga ngakhale mubise pamwamba.

Ndiye kunabwera Arrow, yoyera ija munaiona m'nyuzipepala. Amayi, sindinaonepo chinthu chokongola chotero chopangidwa ndi manja a anthu. Inauluka, tonse tinaiona ndi maso athuwa. Koma Lachisanu lina mu Febuluwale, tili pakati pa ntchito, chinkuzamawu chinangolengeza kuti boma laimitsa ndegeyo, aliyense azipita kwawo. Anthu zikwizikwi, kuchotsedwa ndi bokosi lapakhoma! Panalibe ngakhale munthu woti atiyang'ane m'maso. Tinatuluka kunja kuli chipale chofewa, ena ma ovolosi ali m'thupi.

Ngati zimenezo sizinakwane, aboma analamula kuti ndege zonse za Arrow zimene tinapanga ziduliridwe pansi ngati zitini zakale. Akutitu zinali zokwera mtengo kwambiri. Chabwino, nanga kusungako imodzi kuti ana adzaione kukanawonongetsa chiyani? Mainjiniya athu akuthamangira ku America, m'msewu mwathu nyumba zili pa malonda, ndipo wansembe akuti tipirire. Apirire ndi iye.

Tsono a Lauchie, osandiuza n'komwe, anakalembetsa ganyu kwa wogula zitsulo zakutha amene anapatsidwa ntchito yodulayo. Ndinangoona abwera malaya akununkha utsi. Nditawafunsa anangoti, "Effie, ana sadya ulemu." Amayi, ndinawayankhula mawu amene sindingalembe pano. Ndinati zili ngati mzamba kukapempha ganyu yokumba manda a mwana amene anamubadwitsa yekha. Ndinawauza kuti pakhomo panga munthu wotero sagona. Anatenga chikhoti chawo n'kupita kwa msuweni wawo Dougal, ndipo ine ndinakhala pansi n'kukulemberani kalata ija.

Murdena ankafunsa tsiku lililonse kuti adadi abwera liti. Ndinkangoti idya mbatata zako.

Loweruka lapitali masana ndikuchapa, ndinamva kugogoda pachitseko, kamodzi kokha. Ndinadziwiratu mwini wake. Analowa ali ndi mabala a moto m'manja, osapereka moni, n'kutsegula chitini chawo cha chakudya patebulo. Pansi pa buledi panali kachidutswa ka phiko, kukula ngati chikhato, m'mbali mwake mwakuda ndi moto. Pakati pake panali mayina athu awiri, langa lolembedwa bwino, lawo lokhotakhota ngati mapazi a nkhuku. Moto sunakhudze ngakhale chilembo chimodzi.

Anati ganyuyo anaitengeradi njala, sangandinamize. Koma anati ankadziwanso phiko limene tinalembamo, ndipo anadikira mpaka litafika. "Mlendo akanadula pakati penipeni," anatero. "Ndinati bola ndikhale ine."

Ndinawafunsa chimene sanandiuzire poyamba. Akuti ndinawapatsa mpata? Anthu akwawo a kwa MacAskill inu mukuwadziwa, pakamwa ngati pokhomedwa misomali.

Musaganize kuti mkwiyo wanga watha. Ndakwiyirabe amene anasaina lamulo lija ali pa mpando wofewa, amene sanagwirepo msomali n'kamodzi komwe. Ndakwiya kuti mwamuna wanga achite kuba dzina lake lomwe, kulibisa pansi pa buledi ngati chigawenga, poti pageti alonda amasecha ndipo kutulutsa kanthu n'koletsedwa.

Pempho langa ndi limodzi. Kachitsuloko ndakakulunga mu juzi imene ndalukira bambo, ndapatsira mayi Beaton amene akubwera kumeneko pa sitima. Mukaike m'bokosi lanu la nsalu zakutchalitchi, mudzapatse Murdena akadzakula. Achimwene a Rory musawaonetse, chifukwa akangolawa botolo limodzi tauni yonse idziwa.

Za chipinda chija, musavutike kusuntha makina anu osokera. Loweruka lija, a Lauchie atamaliza kuyankhula anangoima, chipewa chili m'manja, kudikira. Ndinangogogoda patebulo kawiri, iwo n'kuvula nsapato.

Mundiperekere moni kwa bambo, muwauze kuti juziyo avale, asaisunge. Moni kwa achimwene ndi alamu anga, kwa azakhali a Peigi, ndi kwa ana onse. Murdena ndi Hector akuti agogo atumize nsomba zamchere. Mkamwini wanu nayenso akupereka moni, ali pompano akudya ngati sanaonepo chakudya.

Ndine mwana wanu,
Effie