Fauzia Wagwira Penate

Domasi, Zomba
21 Julayi 2024

Okondedwa achemwali Karima,

Assalam alaikum. Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko, ndipo kuzizira sikukukusautsani kwambiri. Kuno tilipo, kungoti thupi langali latopa. Kalatayi ndapatsira a Jonasi amene akubwerera kumeneko sabata ino, chifukwa zimene ndikufuna kukuuzanizi pafoni zimandikanika. Ndikangoyamba, Fauzia amakhala waima kale pakhomo, makutu ali tcheru.

Mwana wanuyu wakula. Nsapato za mpira munatumiza zija zayamba kale kumuthina. Akadali goloboyi wa timu ya ana ya ku Songani, mtsikana yekhayekha pakati pa anyamata, ndipo akamawakalipira kuti abwerere kumbuyo onse amamvera. Kwa ine Loweruka linasiya kukhala tsiku lopuma. Ndimayamba kuthirira kudimba, ndiphike, kenako ulendo wapansi wa ku Songani, Mubarak wanga ali kumsana, chigubu cha madzi chili m'manja. Amayi anzanga amabwera kudzangoimba ndi kululuta, koma kuchapa majezi a timu yonse kumathera kwa ine. Alamu anu a Twahir amati ntchitoyi ndimadziputira ndekha. Mwina akunena zoona.

Dzulo timasewera ndi ana a ku Malemia. Mukumbukira munamulonjeza kuti muimba foni ya vidiyo kuti mumuonere? Mwanayu anauza timu yonse. Anachapa yekha masokosi, n'kundipempha kuti ndimuluke tsitsi mwatsopano, ngakhale amadziwa kuti avala mpango. Ine ndinaima kuseri kwa golo lake, foni ili m'manja, mpaka mkono unachita dzanzi. Simunaimbe. Sindikukudzudzulani, achemwali, ndikudziwa kuti abwana anu akakhala ndi alendo simupuma.

Mpira uli pafupi kutha, a Malemia anapatsidwa penate. Fauzia asanaime bwino pagolo anatembenuka n'kundiyang'ana. Ndinasowa chochita, ndiye ndinangokweza foni ija m'mwamba ngati muli momwemo. Mnyamata uja anamenya, mwana wanu anadziponya kumanzere, mpira gwa! m'manja. Bwalo lonse linalowa m'kati, fumbi lili koboo. Iye anawasiya anzake akuvina n'kuthamangira kwa ine, magazi akuchucha pachigongono.

“Aona? Amayi aona?”

Anandilanda foni n'kupeza ili zii. Ndinati, “Netiweki, mwanangu, yangoduka kumene.” Anaitsegula, anayang'ana, n'kundibwezera. Njira yonse yobwerera anali patsogolo yekha, nsapato zili pakhosi.

Titafika kunyumba ndinaganiza zomusangalatsa ndi chakalaka chija munandifotokozera mwezi watha. Masiku ano Loweruka lililonse ndimayesa chakudya chatsopano, kuti mwina ana aiwale kuti ndiwo zathu n'zomwezomwezo. Futali wothira sinamoni anamukonda, koma mpunga wophikira limodzi ndi usipa unathera kwa nkhuku. Ndiye ndinakazinga anyezi, karoti wopala, tomato ndi kale wokometsera ndiwo, n'kuthiramo nyemba zophikaphika monga munanenera. Tsabola simunanene kuchuluka kwake, ndipo ndi kutopa kuja dzanja linapitirira. A Twahir atalawa anatsokomola mpaka kutuluka panja. Mubarak analavula n'kuyamba kulira.

Ndinamuuza Fauzia kuti, “Idya, ichi ndi chimene amayi ako amaphika ku Joni. Akuti ukadzapitako uzikadya chimenechi.”

Anayang'ana mbale ija, kenako anati, “Auzeni achemwali anuwo adzaphike okha.”

Achemwali anuwo. Mawu amenewa sindinawamvepo m'kamwa mwake chibwerereni m'nyumba muno. A Twahir anafuna kumukalipira koma ndinawaletsa. Ndimayesa adzuka n'kusiya chakudya. Ayi ndithu, anakoka mbale ija n'kudya chonse, ndi cha Mubarak chomwe, misozi ikutsika, mamina akutsika. Nditamupatsa madzi anati, “Ndi tsabolayu.” Ine ndinavomera kuti ndi tsabola.

Achemwali, musaganize kuti ndatopa naye mwanayu. Ndi wanga ngati Mubarak, ndipo mpunga umene timadya muno ndi thukuta lanu lomwe. Chimene chanditopetsa ndi kuima m'malo mwanu. Kuchapa ndingathe, kuphika ndingathe, dzuwa la ku Songani ndingapirire, koma akatembenuka pagolo paja safuna nkhope yanga. Ndipo zifukwa zokuikirani kumbuyo zandithera. Netiweki ndainamizira mokwanira.

Ndiye pempho langa ndi ili. Nsapato zina musatumize kaye, ndidzamubwerekera kwa anzake. Apempheni abwana anuwo akupatseni tchuthi, ngakhale chachifupi, mudzaime nokha kuseri kwa golo lija. Ngati sizitheka chaka chino, musamulonjezenso tsiku. Muzingoimba mukapeza mpata, ngakhale atakana kulankhula. Amakhala akumvetsera, ine ndimamuona.

A Twahir akupereka moni, akuti kukhosi kukuwawotchabe. A Bibi oyandikana nafe aja akuti musawaiwale pa mafuta a miyendo. Mubarak wayamba kutchula dzina lanu, ngakhale nkhope yanu saidziwa. Fauzia ndamufunsa m'mawa uno, akuyanika majezi, ngati ndikupatsireni moni wake. Wangopitiriza kuyanika. Nditatembenuka kuti ndizipita anati, “Ku Joniko kukuzizira kwambiri?” Ndati eya. Wati, “Ali nayo juzi?”

Mundiyankhe zimenezo, achemwali, kuti ndimuuze zoona.

Ndine mng'ono wanu,
Lukiya