Bwerani Mudzamutenge Magdalena

Ku Thyolo,
11 Febuluwale 1934

Okondedwa achemwali anga a Anesi,

Ndikhulupirira muli bwino ku Zombako pamodzi ndi alamu a Dixon. Kuno mvula yakhazikika, tiyi waphukira kwambiri, anthu akuthyola mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndekha sindili nawo.

M'kalata yapita ija ndinangoti khutu likundivuta, sindinanene zonse. Khutu lamanzereli limalira ngati mwalowa nyenje, ndipo tsopano silikumva bwino. Likayamba kulemera ndimadziwa kuti chizungulire chili pafupi. Mitengo, nyumba, phiri, zonse zimayamba kuzungulira, nthaka n'kupendekeka, ine n'kugwa, n'kuyamba kusanza. Nthawi zina ndimagona pabwalo mpaka masana nditagwiritsa udzu kuopa kugubuduka, chonsecho pamalopo palibe mtsetse.

Mwezi watha chinandipeza m'munda wa tiyi, dengu lili kumsana. Ndinagwera m'mizere, masamba onse mbwee. Akapitawo anabwera n'kundinunkhiza kukamwa.

"Lestina, kachasu m'mawa uno?"

"Iyayi bambo, ine sindimwa. Ndi khutu."

"Khutu limagwetsa munthu? Dzipita kwanu."

Anzanga anaseka, ndipo mawuwo anakafika mpaka kutchalitchi. Sanandichotse mumpingo, koma ndikakhala pamphasa, amayi amandisiyira malo aakulu. Adokotala a kumishoni anasuzumira m'khutumo n'kunena kuti sakuonamo kanthu. Asing'anga ananditema mphini kuseri kwake, ndangotsala ndi zipsera. Bambo a Magdalena masiku ano amachedwa kufakitale. Akabwera amayankhulira mbali ya khutu logonthali, ndikati abwereze amati, "Basi, zilibe ntchito." Kumene amadya sindifunsa.

Achemwali, chimene ndalembera ndi ichi. Lachiwiri ndinapita kumtsinje kukatunga madzi nditabereka Magdalena. Ndili pamiyala chinangondigwira, khutu osayamba n'kulemera komwe. Ndinagwa cham'mbali, nsalu inamasuka, mwana n'kugwera m'madzi. Ndinkamumva akulira, koma khutu limodzi silidziwa kumene mawu akuchokera, ndipo maso anga ankangovina. Ndinakwawa ndikumuitana, osadziwa kuti ndikukwawira kwina. Anamuvuula ndi a Zulaika, mayi wogulitsa mchere amene ankachapa chakumunsi. Anamupukuta ndi nsalu yawo, n'kukhala nane pamchenga mpaka dziko litaima. Kenako anati, "Mayi, kumadzi kuno musadzabwerenso mwana ali kumbuyo."

Magdalena ali bwino, wangochekeka pachipumi. Koma chiyambire tsikulo sindinamuberekenso. Amabwera yekha kudzandikwera kumsana, kukoka nsalu kuti ndimumange, ine n'kumamutsitsa. Amalira n'kumandiyang'ana ngati ndamukwiyira. Nanga mawa chikadzandipeza pamoto, kapena pamsewu pamene pamadutsa galimoto za masamba?

Chonde bwerani mudzamutenge, akakule ndi ana anu. Bambo ake ndawauza, anangoti, "Mwana ndi wakwanu, chitani zimene mwaona." Musanditumizire mawu ondilimbitsa mtima, ndalingalira kale mokwanira. Ndikupempha chimodzi chokha: tsiku lonyamuka ine ndidzapita kuseri kwa nyumba kukasenda chinangwa, inu mudzanyamuke osanditsanzika. Ndikadzamuona akupita ndidzakuthamangirani, ndipo kuthamanga sindingathe.

Amakonda mbatata yootcha. Amaopa nkhuku yaana. Sagona asanagwire chala cha munthu, ndiye masiku oyamba muzidzamupatsa chanu. Akadzakula n'kufunsa, mudzamuuze kuti amayi ake sanatope naye.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse, muwauze kuti mng'ono wawo akubwera. Ndikulemba nditakhala pansi, nditatsamira khoma, iye wagona pamiyendo panga. Nayenso akupereka moni kwa amayi ake aakulu. Sakudziwa kanthu.

Ndine mng'ono wanu,
Lestina